Timabawuti M'nsapato

Wapambana! Namafunso wapambana, anzanga! Kanema wake wa nyerere uja ndi amene watenga malo oyamba, ndipo tchuthi chikubwerachi akupita kukaphunzira za makompyuta pamodzi ndi atsikana ena osankhidwa. Atalengeza pamzere, kalasi yonse inakuwa mpaka ahedi anaiwala kukalipa. Koma dikirani kaye, musaombe m'manja msanga. Kanemayo anangotsala pang'ono kuti asafike n'komwe. Zimene zinachitika usiku womaliza uja, anthu a mumsewu wawo mpaka lero amazikamba motsitsa mawu. Tcherani khutu.

Namafunso si dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa mtsikanayu sangaone chinthu osafunsa. Choko chimaliriranji pabolodi? Nanga ntchentche imagona kuti? Akangokweza dzanja, aphunzitsi a sayansi amayamba ausa kaye moyo.

Ndiye mpikisano wa makanema utabwera kusukulu, iye anasankha nyerere. Tsiku ndi tsiku ankagona chafufumimba pakhonde la khitchini, foni yakale ili m'manja, kujambula nyerere zikukoka kanyenyeswa ka buledi. Zinatuluka tizidutswa tambirimbiri. Chotsala chinali chakuti kompyuta ilumikize tizidutswato kuti tikhale kanema mmodzi. Kwa kompyuta yawo yokalambayo, imeneyo inali ntchito ya usiku wathunthu.

Kompyutayo inali ya achimwene ake, amene amagwira ntchito kutali. Chibokosi chakuda, chokhala pansi pa tebulo pabalaza, chogunda kukhoma. Pochoka anasiya lamulo limodzi: gwiritsa ntchito, koma m'kati usatsegule. Abambo ankalisunga lamulolo kuposa mwini wake.

Vuto linali kutentha. Ikangoyamba ntchito yolemetsa, mafani ake ankalira ngati lole yodzaza pachitunda, kenako zii, yazima yokha. Kawiri konse inamuchita zimenezi, kanema ali pakati. Namafunso anafufuza mpaka anapeza kapulogalamu koonetsa kutentha kwa m'kati. Pakona ya sikirini panabwera nambala. Ikakhala yobiriwira, mtendere. Ikasanduka yachikasu, samala. Ikafiira, cha m'ma 90 umo, kompyuta imadzizimitsa poopa kupsa.

Anapezanso mdani wake weniweni. Anali amayi.

Amayi a Namafunso ndi munthu wophimba zinthu. Wayilesi ili ndi kansalu kake koluka. Ketulo ili ndi kake. Makina osokera ali ndi kawo, duwa lapulasitiki pamwamba. Abambo amakonda kunena kuti, "Tsiku lina ndidzasinza pampandopa, ndidzadzuka ndili ndi kansalu pamutu." Tsono kompyuta, poti ndi chinthu chamtengo wapatali, anailukira nsalu yaikulu kuposa zonse, yaubweya, yokhuthala, yofika mpaka pansi mbali zonse. Timabowo tonse topumira tinkatsekeka.

Madzulo a tsiku lomalizalo kunali kotentha, masamba osagwedera. Kanema ankayenera kukhala m'manja mwa aphunzitsi m'mawa belu lisanalire. Akalephera, basi, mpikisano wamudutsa. Namafunso anakhala pakhonde atagwira tsaya.

"Iwe... wa mafunso," anatero mawu ochokera khonde linalo. "Lero... palibe funso?"

Anali a Firiji. Nyumba yawo ndi ya Namafunso n'zogundana, khoma ndi limodzi. Madalawa anatha moyo wawo wonse akukonza mafiriji, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Mumsewumo palibe amene sakumbukira kagwiridwe kawo ka ntchito. Akafika pakhomo panu ankavula nsapato imodzi, ndipo kabawuti kalikonse komwe amasula ankakaponya m'nsapatomo. Ankati thumba limabooka, mbale imagudubuka, koma munthu sungachoke pakhomo pa eni ake ndi nsapato imodzi.

Zimenezo n'zakale. Matenda anawagwira, mbali yakumanja inafa. Kuyenda anasiya. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. Dzanja lamanja linkangokhala pamiyendo ngati nsalu yonyowa. Mwana wawo wamkazi, amene onse amamutcha anti a Telala, ndiye ankawanyamulira pampando wa pakhonde madzulo, n'kuwabwezanso kubedi.

Namafunso anawafotokozera zonse, za nyerere, za chibokosi chozima chokha, za nambala yofiira, za belu la m'mawa.

"Ndimachimva," anatero a Firiji. "Bedi langa... lili kukhoma lomwelo. Chimalira. Chikubanika."

"Makina amabanika, agogo?"

"Amapuma... ngati iwe. Tsegula. Chotsa fumbi."

"Achimwene analetsa. Abambo akhoza kundidya wamoyo."

A Firiji anayang'ana dzanja lawo lakufalo nthawi yaitali. Anti a Telala anatuluka kudzawatenga, nati, "Mwayambanso kuphunzitsa ana za mafiriji, bambo? Tiyeni, udzudzu wayamba."

Atadya, Namafunso anakonzekera nkhondo. Anakoka chibokosicho kuchichotsa kukhoma. Anachikweza pa mabuku awiri kuti mphepo idutse pansi. Nsalu yaubweya ija anaiponya pasofa. Anatenga fani ya pabalaza n'kuilozetsa pa kompyuta.

"Imeneyo ikupita kuchipinda," anatero abambo akuzula pulagi. "Fani ndi ya anthu a magazi."

"Ababa, lero lokha!"

"Lero lokha ndipse ine chifukwa cha nyerere? Ndipo zenera ilo utseke, udzudzu sulipira lendi pano."

Namafunso anatembenukira kwa amayi, manja ali pamodzi. "Amayi, chonde. Lero musaiphimbe. Ikaphimbidwa ifa."

"Ndamva, mayi. Sindine mwana ine."

"Mulumbire."

"Iwe, ukufuna ndilumbirire nsalu? Ndati ndamva."

Namafunso anadina batani, ntchito inayamba. Mafani anayamba kulira. Nambala inakwera: 60, 70, kenako inasanduka yachikasu n'kuima pa 79. Namafunso anaiyang'anitsitsa ngati mphika wa mkaka pamoto. Ikakwera pang'ono, mtima m'mwamba. Ikatsika, apume. Akanakhala pomwepo mpaka kuche, koma abambo anazimitsa getsi.

"Kukagona. Mawa sukulu."

Anagona akudziuza kuti angotsinzina pang'ono, adzukanso. Tulo tilibe chibale. Chomaliza chimene anamva chinali kuyenda kwa amayi pabalaza, monga amachitira tsiku lililonse asanagone: kusuntha mpando, kutseka makatani, kuwongola ichi, kuphimba icho.

Anadzidzimuka kunja kukadali mdima, atambala asanayambe. Lingaliro limodzi lokha linamumenya ngati mbama. Nsalu!

Anatsika pabedi osavala kanthu kuphazi. Atafika pakhomo la chipinda chake, anaima. China chake sichinali bwino. Kulira kwa lole kuja kunalibe. Yazima, anaganiza motero, ndipo misozi inayamba kulengeza. Koma ayi. Kunsi kwa chitseko cha pabalaza kunkaoneka kuwala kwa sikirini. Mafani ankang'ung'udza chapansipansi, modekha, ngati mphaka wokhuta.

Ndipo panali phokoso lina.

Fwaa. Fwaa. Fwaa.

Kamphepo kozizira kanamukhudza kumapazi. M'nyumba yotentha ngati uvuni, kamphepo kozizira! Kanali ndi kafungo ka oyilo wa makina. Namafunso anakankha chitseko pang'onopang'ono.

Pansi, pambali pa tebulo, panali munthu. Anakhala chomufulatira, mwendo umodzi atautambasula. M'dzanja anali ndi chivindikiro cha ndowa ya m'khitchini, akukupiza nacho. Fwaa. Fwaa. Chitsulo cha m'mbali mwa kompyuta chinali chochotsa, chotsamira kusofa. M'kati munkaoneka mawaya ndi kafani kakuzungulira. Nsalu yaubweya inali yopinda bwinobwino patebulo. Pansi panali kamulu ka fumbi, kosesedwa pamodzi.

Ababa, anaganiza. Andimvera chisoni. Kumwetulira kunali kutayamba kale pamene anamva mkonono kuchokera kuchipinda. Mkonono wa abambo sungausokoneze ndi wa munthu wina, umachita ngati macheka. Kenako amayi anakhosomola, kuchipinda komweko.

Wina aliyense akanakuwa. Ine ndikanakomoka ndithu! Koma maso a Namafunso, paokha, anathamangira pakona ya sikirini. Nambala inali yobiriwira. Yobiriwira, anzanga, kompyuta ili pakati pa ntchito! Ndiye funso linatuluka lokha, osati lija loti ndinu ndani, koma lina.

"Chinavuta n'chiyani?"

"Fumbi," anayankha munthuyo osatembenuka. "Ndi bulangete ili. Ndaipeza itafiira kale."

Mawuwo anali osalala, othamanga, a munthu amene ali pantchito. Namafunso ankaona ngati akuwadziwa, koma samakumbuka kuti anawamva kuti.

"Usayatse getsi. Katsegule chitseko cholowera kukhitchini, mphepo ipeze njira."

Anapita kukatsegula. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake anamvera. Pobwerera anaona chitseko chotulukira panja. Loko anali wokhoma, mpiringidzo uli m'malo mwake, makiyi akulendewera pamsomali.

"Tsono undiwerengere nambalayo. Maso anga saona tizilembo."

"Ili pa 68."

"Ikangodutsa 70 undiuze."

Anakhala pamkono wa sofa, chapatali. Sanayerekeze kusuzumira nkhope. Kuwala kwa sikirini kunkangoonetsa msana, phewa likukwera ndi kutsika, ndi mapazi. Mapaziwo analibe nsapato. Anali oyera mbee, opanda fumbi ngakhale pang'ono, ngati a munthu amene sanaponde panja nthawi yaitali.

"Ili pa 66."

Fwaa. Fwaa.

"Bwanji ikutsika mukamakupiza? Mphepo yake ndi yomweyi yotenthayi."

"Yotentha kwa iwe. Kwa chitsulo chimene chikupsa, ndi yozizira. Kutentha sikufa, mwana iwe, kumangosamuka. Ntchito yathu ndi kukupatsa njira."

"Nanga kumapita kuti?"

Munthuyo anaseka chapansipansi. "Werenga nambala."

Nthawi zina dzanja linkatopa, kukupiza n'kuima. Nambala inkakwera: 68, 69, 71. Namafunso ankanong'oneza kuti, "Yadutsa!" ndipo chivindikiro chinkayambiranso. Munthuyo sanasinthe dzanja ngakhale kamodzi. Ankakupiza ndi lamanja lokhalokha, ndipo apo ndi apo ankalitambasula, kupinda zala ndi kuziwongola, kuliyang'ana ngati chinthu chimene wangobwereka.

Kamzere koonetsa ntchito yotsala kanakwawa ngati nyerere zake zomwe. Kuseri kwa makatani kunayamba kutuwa. Tambala woyamba analira kutali.

"Yatsala pang'ono?" anafunsa munthuyo. Mawu aja tsopano ankakoka, ngati akulemera.

"Pang'ono zedi."

"Ichite... changu."

Ting! Kompyuta inalira. Pasikirini panalembedwa kuti kanema watha. Namafunso analumpha, anadina, ndipo nyerere zake zinayamba kuyenda pasikirini, zonse, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, kanyenyeswa ka buledi kali pamitu.

"Watheka! Taonani, wathe..."

Anatembenuka. Panalibe munthu. Chivindikiro cha ndowa chinkazungulira chokha pasimenti, gwedegwede, gwedegwede, mpaka chinagona.

Apo m'pamene anakuwa.

Abambo anatuluka ndi mpini wa tsache, amayi pambuyo pawo. Anayang'ana kuseri kwa sofa, m'bafa, pansi pa mabedi. Zitseko zotulukira panja zokhoma. Mazenera otseka, zitsulo zake zilipo zonse.

"Watsegula kompyuta ya achimwene ako?" anafunsa abambo.

"Si ine, ababa!"

"Nanga ndani? Nyerere?"

Amayi ankangoyang'ana nsalu yopindidwa ija. "Ine sindipinda chonchi," anatero motsitsa. Kenako anagwira pakamwa. "Mwana wanga, ndikuona ngati ndinaiphimba. Sindikukumbuka kuganiza. Manjawa anangochita okha."

Panalibe nthawi yokangana. Kunja kunali kutayera. Namafunso anakopera kanemayo pa kafulashi, anasamba mothamanga, anavala yunifolomu. Nsapato zake za sukulu zinali pomwe amazisiya, pafupi ndi chitseko. Koma inalipo imodzi. Inayo anaipeza pansi pa tebulo, pambali pa kompyuta. Analowetsa phazi.

"Mayo!"

Anaikhuthula. Timabawuti ting'onoting'ono tinagwera pasimenti, ngwee, ngwee, ngwee.

Amayi anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Abambo anatsamiritsa mpini wa tsache kukhoma mosamala kwambiri, kenako anayang'ana khomalo, khoma lija logawana ndi anzawo.

Nthawi yomweyo kunamveka kugogoda. Go, go, go! Onse atatu analumpha. Anali anti a Telala, nsalu ili paphewa, maso ofiira.

"Amayi a kuno, tabwerani mudzaone bambo."

"Kwagwanji? Ali bwino?"

"Ali m'tulo. Koma ine sindinagone. Ndimagona pamphasa pambali pa bedi lawo, mukudziwa. Ndinadzuka ndi kugwedera kwa bedi. Dzanja lija, lakufa lija, linali m'mwamba. Likukwera, likutsika. Likukwera, likutsika. Ndawaitana, osadzuka. Ndaligwira kuti ndilitsitse, linali ndi mphamvu ngati la mnyamata. Langosiya pomwe analira tambala."

"Sanadzuke pabedi?" anafunsa abambo.

"Adzuka bwanji, achimwene? Ndinali pomwepo ine. Koma zala zawo zili fumbi lokhalokha, lotuwa, ngati la m'makina. Ndinawasambitsa ndekha madzulo. Ndipo dzanjalo lafumbata. Ndayesa kulitambasula, lakana."

Namafunso ankafuna kuthamangira komweko. Mafunso anali atadzaza mpaka kukhosi. Koma amayi anamukankhira kumsewu. "Belu, iwe! Thamanga!" Anathamanga, phazi likuwawa, kafulashi kali m'dzanja, ndipo anapeza aphunzitsi a sayansi akutseka kale chikwama.

Madzulo ake abambo anati abwezeretse chitsulo chija mwini wake asanamve. Anamanga kabawuti koyamba, kachiwiri, kachitatu. Bowo limodzi linatsala. Anasesa balaza lonse, anagwedeza nsapato zonse za m'nyumba. Kamodzi kanasowa.

Nkhani sigona. Pofika mawa lake msewu wonse unali utamva. Kugolosale ankati ndi amayi a Namafunso amene amayenda kutulo. Ometa tsitsi anati mtsikanayo anatsegula yekha, akuopa chikwapu. Amayi ena a kumpopi anatsitsa mawu n'kunena kuti iwo anadziwa kale, munthu wokonza zinthu zozizira moyo wake wonse sakhala munthu wamba. Koma mkulu wina wokonza njinga anangopukusa mutu. Anati ntchito ikalowa m'manja situlukamo. Thupi likhoza kugona, koma manja akamva makina akulira, amapita okha.

Dzanja la a Firiji linakhala chifumbatire. Anamwino anabwera, analisisita ndi mafuta, anayesa chala chimodzichimodzi. Linakana. A Firiji akafunsidwa ankangoti, "Ndinagona... bwino."

Ndiye dzulo, atangolengeza pamzere paja, Namafunso sanadikire n'komwe kuti anzake amalize kumukumbatira. Anathamanga ulendo umodzi mpaka kwawo, chikwama chikumumenya kumsana. Sanalowe m'nyumba mwawo. Analumpha kampanda n'kufika pakhonde linalo.

A Firiji anali pampando wawo. Pamiyendo pawo panali nsalu yaubweya ija. Amayi anawapatsa, ati kompyuta siifunanso, ndipo maondo a munthu wamkulu ndiwo amafuna kufunda.

"Agogo! Agogo, ndapambana! Nyerere zapambana!"

Mbali imodzi ya nkhope yawo inamwetulira. "Ndamva... ukukuwa... uli kumsewu."

Namafunso anagwada pambali pa mpandowo, akupumira m'mwamba. Anayang'ana uku ndi uku. Anti a Telala anali m'nyumba, makina osokera akulira.

"Agogo," ananong'oneza, "munali inu?"

A Firiji anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Fani... yakumbuyo ija," anatero. "Yatha. Imagwedera. Uwauze... achimwene ako... asinthe."

Komatu a Firiji sanalowepo pabalaza pa a Namafunso kuchokera pamene kompyutayo inabwera.

Kenako dzanja lija linagwedezeka pansalupo. Linadzuka lokha, pang'onopang'ono. Namafunso anakuwa, "Anti! Anti, bwerani!" Makina osokera anaima. Anti a Telala anatulukira pakhomo, ulusi uli kukamwa, ndipo anaona ndi maso awo dzanja la bambo awo likuyenda masanasana. Linafika pamwamba pa chikhatho cha Namafunso. Zala zinatambasuka, chimodzi, china, china.

Kabawuti kanagwera m'dzanja mwake.

Anti a Telala anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, akupsompsona zala zija. Amayi anabwera akuthamanga, anthu a mumsewu anadzaza pampanda. Lero m'mawa a Firiji agwira kapu ya tiyi okha, ndi dzanja lamanja, ndipo anangotaya pang'ono!

Koma Namafunso anandinong'oneza chinthu chimodzi pa nthawi yopuma, chimene sanauze amayi ake kapena aphunzitsi. Kabawuti kaja kanakhala masiku onsewo m'dzanja lofumbata la munthu wamoyo, nyengo yotentha ngati ino. Kanayenera kukhala kofunda.

Kanali kozizira ngati kangotuluka mufiriji.